Ndingawaphunzitse bwanji thandizo loyamba ana aulumali a m'kalasi mwanga?

Mphunzitsi wa ku Ntcheu

Moni kwa nonse, makamaka aphunzitsi anzanga, azaumoyo ndi makolo. Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale m'boma la Ntcheu, ndipo ndimayang'anira chipinda cha ana ofunika thandizo lapadera, chimene ambiri amangochitchula kuti resource centre. Ndili ndi ana 14. Asanu ali ndi vuto losamva, atatu saona bwino ndipo mmodzi mwa iwo ndi wachialubino, awiri amayendera njinga ya olumala, pamene anayi otsalawo amachedwa kumvetsa zinthu. Mwa anayiwa, awiri amadwalanso khunyu.

Mwezi watha, pa nthawi yolandira phala, mtsikana wa zaka 11 adagwa khunyu pafupi ndi mafuwa pamene amayi odzipereka amaphikirapo, ndipo dzanja lake lidagwera pa phulusa lamoto. Ana amene adali pamzere adabalalika onse, chifukwa kwathu kuno ambiri amakhulupirira kuti ukakhudza thovu la munthu wakhunyu nawenso umatenga matendawo. Mayi wina mwa ophikawo, mwa mtima wake wabwino, adathamangira supuni kuti amuike m'kamwa poopa kuti adziluma lilime. Ine ndidali m'kalasi, ndipo amene adadzanditenga ndi mnyamata wosamva wa zaka 13. Adandigwira mkono mwamphamvu osandisiya mpaka tidafika pamalopo. Analibe chizindikiro chamanja chonenera khunyu, pakuti sindidamuphunzitsepo, choncho adangonjenjemeretsa thupi lake lonse n'kuloza kunja. Pamene ndimafika, munthu wina adali atapaka kale mankhwala otsukira mano pa bala la motolo.

Mtsikanayo adachira, ngakhale kuti chipsera chatsala kuseri kwa dzanja. Koma nkhaniyi yandisowetsa tulo, chifukwa pa gulu lonse la anthu amene adali pamenepo, akulu ndi ana omwe, amene adachita chinthu choyenera ndi mwana amene tonse timamuona ngati woyenera kuthandizidwa basi. Kuchokera tsiku limenelo ndatsimikiza mtima kuti ana anga aphunzire kusamala matupi awo ndiponso kuthandiza mnzawo akavulala. Mabuku a Life Skills ndi a sayansi amene tili nawo amakhudzapo za ukhondo ndi ngozi, koma adalembedwera mwana woona, womva ndi wotha kuwerenga msanga.

Mafunso anga ndi awa. Kodi ndiyambire pati, popeza zinthu ndi zambiri ndipo nthawi ndi yochepa? Nanga ana osamva ndi osaona ndingawaphunzitse bwanji popanda zipangizo zodula? Funso lachitatu likundivuta kwambiri. Mnzanga wina wa ntchito akuti ana ochedwa kumvetsa zinthu ndisawaphunzitse zimenezi, chifukwa angathe kusokoneza n'kumuvulaza mnzawoyo koposa. Kodi pali choona pa mawu amenewa?

Namwino wopuma ntchito

Aphunzitsi, ndakuthokozani chifukwa cholemba mwatsatanetsatane, ndipo mumuuze mnyamatayo kuti adachita bwino kwambiri. Ndidagwira ntchito zaka zambiri m'zipatala zazing'ono zakumudzi, ndipo mabala a moto a anthu akhunyu ndidawaona ochuluka. Kawirikawiri balalo limakula chifukwa anthu amene ali pafupi aopa kumukoka wodwalayo.

Muyambire kwa akuluakulu musanafike kwa ana. Itanani amayi ophika phala, alonda, a komiti ya sukulu ndi aphunzitsi onse, ndipo mupemphe mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti adzakhale nanu, pakuti mawu ake makolo amawalemekeza. Muwauze momveka kuti khunyu si matenda opatsirana. Sangafalikire kudzera m'thovu, m'malovu, m'mpweya kapena pogwirana. Chimachitika n'chakuti ubongo umasokonezeka kwa kanthawi kochepa, ndipo nthawi zambiri kuphuphako kumatha kokha pasanathe mphindi ziwiri kapena zitatu. Ntchito ya wothandiza ndi yochotsa wodwalayo pa moto kapena pa madzi, kuchotsa miyala ndi zinthu zina zimene zingamuvulaze, kumuika chitenje chopinda pansi pa mutu, ndi kumasula chovala chothina pakhosi. Asamupanikize kuti aleke kuphupha, ndipo asamuike kanthu kalikonse m'kamwa, kaya supuni, kaya chala, kaya madzi. Munthu sameza lilime lake, koma supuni imathyola mano ndipo madzi amalowa m'mapapo. Kuphuphako kukatha amugoneke chammbali kuti malovu atuluke okha, ndipo akhale naye pafupi mpaka atsitsimuke bwinobwino. Ngati kuphupha kwapitirira mphindi 5, ngati kwabwerezanso iye asanatsitsimuke, ngati wavulala kwambiri, kapena ngati n'koyamba kugwa, athamangire naye kuchipatala. Nambala ya wakabaza wodalirika ilembedwe pakhoma la ofesi kuti musamayambe kuifunafuna ngozi itachitika kale.

Pa bala la moto, mankhwala ake oyamba ndi madzi ozizira aukhondo, othiridwa mosalekeza kwa mphindi 20. Mphindi zimenezi zimaoneka zambiri munthu ukakhala ndi mantha, koma ndizo zimaletsa kutenthako kulowerera mkati mwa mnofu. Mankhwala otsukira mano, dzira laliwisi, mafuta ophikira ndi dothi zisayandikire pabalapo, ndipo matuza asabooledwe. Chibangili kapena mphete ichotsedwe msanga malowo asanatupe, koma nsalu imene yamatirira pakhungu isakokedwe. Mukatero phimbani ndi nsalu yoyera yosasiya ubweya ndipo pitani kuchipatala, makamaka ngati balalo lili padzanja, kumaso, pamalo olumikizana mafupa kapena kumalo obisika.

Za ana, maganizo anga ndi akuti muwaphunzitse zinthu zitatu zokha poyamba: kuzindikira kuti mnzawo ali pa vuto, kuitana munthu wamkulu, ndi kusamusiya yekha wodwalayo. Mnzanu wa ntchitoyo ali ndi mfundo pang'ono, chifukwa mwana amene wapatsidwa malangizo khumi pa nthawi imodzi amawasakaniza, ndipo zimenezi zimachitika kwa mwana wina aliyense, wolumala ndi wosalumala yemwe. Njira yake ndi kuchepetsa malangizowo ndi kuwabwereza kawirikawiri, osati kumumana mwanayo phunziro. Komabe ndikadakonda kuti zomanga mabala zitsalire akuluakulu chifukwa cha magazi. Ngati muli ndi funso la zaumoyo ndipo chipatala chili kutali, pali Chipatala Cha Pa Foni, kumene amayankha m'Chichewa. A Malawi Red Cross Society amaphunzitsanso thandizo loyamba, choncho ndi bwino kufunsa ku ofesi yawo ya m'boma lanu ngati angathe kufika pasukulupo.

Mphunzitsi wa ana osaona, Kasungu

Ndikugwirizana ndi zonse zimene mayi namwino afotokoza pa khunyu ndi pa mabala a moto. Pamene ndikusiyana nawo pang'ono ndi pa mfundo yoti ana aimire pa kuitana munthu wamkulu. Mwana wosaona akadzicheka ndi mpeni kunyumba, makolo ali kumunda, munthu wamkulu woti amuitane palibe. Ana athuwa adzakula, ena adzakhala ndi ana awoawo, ndipo ngati sitiwaphunzitsa ife kupsinja bala kuti magazi aleke, n'kutheka kuti palibenso amene adzawaphunzitse. Nkhawa ya magazi ndi yoona, koma yankho lake ndi kuwazoloweza kuti dzanja lilowe m'jumbo yoyera lisanakhudze bala la munthu wina, ndipo ngati wovulalayo angathe, apsinje yekha bala lake.

Ine ndidaphunzira ntchitoyi ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, kumene amaphunzitsa aphunzitsi a ana osaona, a ana osamva ndi a ana ovutika kuphunzira. Mfundo imene ndidatengako, imene ndimaigwiritsa ntchito mpaka lero, ndi yakuti mwana wosaona amaphunzira ndi manja. Ndikafuna kuphunzitsa kumanga bala, ndimakhala pambali pa mwanayo, iye amaika manja ake pamwamba pa manja anga, ndipo ndimakulunga nsalu pa mkono wa chidole pang'onopang'ono kuti amve mmene zala zanga zikuyendera. Kachiwiri amakulunga yekha, ine n'kungokhudza chigongono chake. Chidolecho tidasoka ndi chitenje chakale n'kuchidzaza ndi makoko a chimanga, ndipo ndi chachikulu ngati mwana wa zaka zitatu, kuti chithe kugonekedwa chammbali. Bala timalisonyeza ndi kachidutswa ka chiguduli kosokeredwa pa mkono, kuti chala chilipeze. Mtsikana wina wa Sitandade 6 amamanga bwino kuposa ine, chifukwa amamva ndi zala ngati nsalu yathina kwambiri, ndipo saiwala kugwira nsonga za zala za wovulalayo kuti aone ngati zazizira.

Za Thanzi ORS, mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi mwa wotsegula m'mimba, tidazitenga mwamphamvu pa nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo idachititsa kuti sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zichedwe kutsegulidwa mu Januwale 2023. Paketi imodzi imasungunulidwa m'lita imodzi ya madzi aukhondo. Mwana wosaona sangawerenge mzere wa pa jagi, choncho timagwiritsa ntchito botolo la theka la lita: adzaze kawiri, chala chili pakamwa pa botolo kuti amve madzi akafika. Posamba m'manja, mpondagiya ukhale pamalo amodzi osasunthidwa, sopo amangiriridwe ndi chingwe, ndipo njira yochokera kuchimbudzi kukafika pamenepo ikhale yopanda miyala. Ndaonapo ana akuleka kusamba m'manja chifukwa chongoti ndowa idasamutsidwa popanda wowauza.

Za ana osamva sindine katswiri, koma anzathu amene amaphunzitsa ana otere amatsindika kuti mwanayo ayambe wakhala ndi mawu. Mnyamata wanuyo adasowa chizindikiro cha khunyu. Akufunika zizindikiro za ululu, magazi, moto, njoka, chizungulire, kusanza, mankhwala ndi chipatala, ndipo zikhale za chinenero chamanja cha ku Malawi kuno, kuti akadzapita kwina adzamvedwe. Bungwe la anthu osamva la MANAD lingakuthandizeni, monganso aphunzitsi a sukulu ya ana osamva ya ku Mua m'boma la Dedza, imene siili kutali kwambiri ndi kwanuko. Zizindikirozo muphunzitsenso ophika phala ndi ana a m'makalasi ena, pakuti mwana akhoza kunena bwinobwino ndi manja koma womuona osatolapo kanthu. Posonyeza, musalankhule ndi manja ndi kumanga bala nthawi imodzi, chifukwa maso a mwana sangayang'ane malo awiri. Fotokozani kaye, kenako chitani, kenako iye achite.

Kwa ana ochedwa kumvetsa, jambulani thupi la munthu pa katoni yaikulu ndipo m'mawa uliwonse aliyense aloze pamene pakumuwawa, ngakhale tsiku limene ali bwino aloze kuti palibe. Pakatha masabata angapo mwana amene sadanenepo kuti mutu ukumupweteka amayamba kupita yekha pa chithunzicho, ndipo malungo mumawagwira akadali poyambira.

Mayi wa mwana wa khunyu

Ine sindine mphunzitsi kapena wachipatala, koma mwana wanga wamwamuna wa zaka 12 wakhala akudwala khunyu kuyambira ali ndi zaka zinayi, choncho ndikupempha kuti mundilole ndiikepo mawu a kholo. Aphunzitsi a ku Ntcheu, chimene mwaganizachi n'chabwino, ndipo ndikadakondwa chikadachitika pa sukulu iliyonse. Pempho langa loyamba ndi lakuti pophunzitsa musatchule dzina la mtsikanayo kapena kumuimiritsa kutsogolo ngati chitsanzo. Pa sukulu imene mwana wanga adayambira, mphunzitsi wina adachita zimenezo ndi cholinga chabwino, koma kuchokera tsikulo anzake adayamba kudzigwetsa pansi n'kumaphupha momutsanzira iye akamadutsa. Adakana kupita kusukulu kwa teremu yathunthu. Chidole chimene bambo a ku Kasungu afotokoza chingathandize kwambiri pamenepa. Komanso mwana akagwa, nthawi zina amadzikodzera, ndiye muphunzitse anzake kuti amuphimbe ndi chitenje ndipo gulu lichoke, kuti akamatsitsimuka asaone maso ambiri atamuzungulira.

Chachiwiri, mutifunse ife makolo, chifukwa timadziwa zinthu zimene sizidalembedwe m'buku la kuchipatala. Mwana wanga akatsala pang'ono kugwa amanena kuti m'mimba mukukwera chinthu. Tidamuphunzitsa kuti akamva choncho akhale pansi pomwepo, kutali ndi moto, ndipo agwire dzanja la amene ali naye pafupi. Si ana onse amene amamva chizindikiro, koma amene amamva aphunzitsidwe kuchigwiritsa ntchito, pakuti limeneli ndi thandizo loyamba limene mwana amadzipatsa yekha. Amadziwanso kuti sapita yekha kumtsinje kapena kuchitsime, sakwera mumtengo, ndipo sadumphitsa mankhwala ake ngakhale atatha miyezi osagwa. Amamwa phenobarbitone, ndipo mankhwalawa amamupatsa tulo, makamaka m'mawa. Aphunzitsi ena ankamuyesa waulesi mpaka nditapita kukawafotokozera.

Chachitatu chikukhudza ana onse, makamaka atsikana. Pophunzira thandizo loyamba pamakhala kugwirana, choncho mpata umenewu muugwiritsenso ntchito powaphunzitsa kuti wothandiza amayamba wapempha, ndipo kuti pali malo a thupi amene munthu wina sayenera kuwagwira. Ana aulumali amachitidwa nkhanza kawirikawiri chifukwa ochita zoipawo amadalira kuti mwanayo satha kunena. Amayi a mother group angakuthandizeni pa nkhani imeneyi ndi pa nkhani ya msambo, ndipo nambala ya 116 yothandiza ana ikhale yodziwika kwa aphunzitsi ndi makolo onse.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu

Ndathokoza kwambiri nonse atatu. Mayi, mwandipulumutsa ku cholakwa, chifukwa ndimaganiza zoyamba phunziroli ndi kukumbutsa ana zimene zidachitika pa mafuwa paja. Tsopano ndikambirana kaye ndi makolo a mtsikanayo, ndipo chidole tisoka sabata ino ndi amayi a mother group. Aphunzitsi aakulu avomera kuti msonkhano wa ophika ndi a komiti uchitike Lachisanu, ndipo mlangizi wa zaumoyo walonjeza kubwera.

Mayi namwino, ndikupemphani mundiunikirenso pa ana atatu amene sitidawakhudze. Mmodzi mwa oyendera njinga ali ndi vuto la ubongo limene limaumitsa ziwalo, ndipo amatsamwa kawirikawiri akamamwa phala. Winayo adabadwa ndi vuto la msana ndipo samva kukhudza kuyambira m'chiuno kutsika. Wachialubino uja ali ndi timabala pakhosi ndi m'makutu timene timabwerabwera. Kodi iwo eni ndiwaphunzitse chiyani?

Namwino wopuma ntchito

Ndisanayankhe, ndikuvomereza zimene bambo a ku Kasungu anena. Ndimaganizira za pasukulu pokha, pamene akuluakulu ali pafupi, koma mwana amathera nthawi yambiri kunyumba, ndipo jumbo yoyera imatetezadi ngati ilibe chiboo.

Mwana wotsamwayo adye atakhala tsonga, mutu utaweramira kutsogolo pang'ono, osati chagada, ndipo apatsidwe pang'onopang'ono popanda womufulumizitsa. Akatha kudya akhalebe tsonga kwa mphindi ngati 30. Muphunzitseni chizindikiro chimodzi chonenera kuti "dikirani", monga kukweza dzanja kapena kugogoda pa njinga, ndipo womudyetsa azichilemekeza nthawi zonse. Akatsamwa koma akutha kutsokomola, mulekeni atsokomole. Ngati sakutha kutsokomola, kulankhula kapena kupuma, munthu wamkulu amuweramitse kutsogolo ndi kumumenya ndi chikhatho pakati pa mapewa mpaka kasanu. Njira yofinya pamimba imene imatsatira pamenepo ndi yofunika kuti wina wodziwa akusonyezeni pamaso, makamaka kwa mwana wokhala pa njinga. Popeza kutsamwako kukuchitika kawirikawiri, makolo apite naye kuchipatala cha boma kuti akaunikidwe mmene amamezera, chifukwa chakudya cholowa m'mapapo pang'onopang'ono chimayambitsa chibayo.

Mwana wa vuto la msana adani ake ndi zilonda zobwera chifukwa chokhala malo amodzi nthawi yaitali, ndiponso zinthu zotentha, pakuti thupi lake silimuchenjeza. Azidzinyamula pang'ono ndi manja kapena kupendekera mbali iyi ndi iyo pa mphindi 15 mpaka 30 zilizonse, ndipo mungamuthandize pomanga chizolowezichi ku zinthu zochitika m'kalasi, monga posintha phunziro. Madzulo aliwonse aziyang'ana matako, zidendene ndi mapazi ake ndi kagalasi, kapena kholo limuyang'ane. Malo amene asintha mtundu ndipo sakubwerera mwakale atapumitsidwa ndi chiyambi cha chilonda, ndipo asakhalirepo mpaka aonedwe ndi achipatala. Mbale ya phala lotentha asaiike pamiyendo, ndipo poothera moto mapazi akhale patali.

Wachialubino azivala chipewa cha mlomo waukulu chophimba makutu ndi khosi, malaya a manja aatali, ndipo azipaka mafuta oteteza ku dzuwa m'mawa asananyamuke ndi kubwerezanso pakapita maola awiri ngati ali panja. Pa mzere wa m'mawa ndi pa masewera apatsidwe malo a mthunzi, makamaka kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko masana pamene dzuwa limaswa mtengo. Za mafutawo makolo afunse kuchipatala cha boma kapena ku bungwe la anthu achialubino la APAM. Koma timabala timene mwatchulato tisadikire Lachisanu. Bala la padzuwa limene silikupola kapena likubwerabwera pamalo amodzi lingathe kukhala chiyambi cha khansa ya pakhungu, imene imachizika bwino ikapezeka msanga, choncho lembani kalata kwa makolo ake mawa lomwe kuti apite naye akaonedwe.